Zenera Limene Dympna Anatsegula

Ku Drumcarra kuno kulibe banja limene Dympna Culhane sanalisambitsirepo munthu, wamoyo kapena wakufa, ndipo mwina n'chifukwa chake anthu ambiri sankamukonda. Munthu amene anaona bambo ako ali maliseche, akulira ngati khanda chifukwa adziipitsira, susangalala kukumana naye pogula buledi. Dympna ankazidziwa zimenezi ndipo sankathandiza aliyense kuiwala. Ankakuyang'ana m'maso pamzere wa m'sitolo n'kunena kuti, "Bambo ako akufunsa ngati udakali moyo," kenaka n'kunyamula zake n'kumapita.

Anayamba ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, imene tonse timangoitcha Pamtunda, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Nthawi imeneyo ankayendetsa nyumbayo ndi masisitere. Anayambira kochapira, kenaka anamukweza kukhala wosamalira okalamba, ndipo anakhazikika pamenepo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Mayi ake atagwidwa ndi matenda opha ziwalo, alongo ake awiri anali atapita kale ku England, mchemwali wake atakwatiwa ku Galway, choncho beseni ndi chopukutira zinatsalira Dympna. Masana ankasambitsa okalamba a eni, madzulo n'kudzasambitsa wake. Mwamuna wina woyendetsa lole ya mkaka anamudikira zaka zinayi, anatopa, n'kukwatira mtsikana wa kupositi. Mayiwo atamwalira alongo aja anafika ndi masuti akuda ndi nkhata za maluwa zazikulu ngati matayala a thirakitala, ndipo analira kuposa iye. Kuyambira tsiku limenelo Dympna anagawa anthu a padziko m'magulu awiri, amene amakhalapo ndi amene amabwera ndi maluwa.

Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisanamizane. Ankatha kutembenuza nkhalamba yolemera payekha osaipweteka. Ankadziwa amene amafuna tiyi wa shuga atatu ndi amene amabisa mankhwala m'tsaya. Ankamva imfa ikubwera masiku awiri dokotala asanaione. Kunja kwa Pamtunda analibe china, kupatula kanyumba ka mayi ake kumunsi kwa phiri ndi mphaka wamwano dzina lake Monsinyo. Kumuchotsa Pamtunda kunali kumuchotsera chifukwa chodzukira m'mawa.

Chinthu chimodzi chimene anatengera kwa masisitere n'kuchisunga ngati lamulo la Mulungu chinali cha zenera. Munthu akangotsirizika, usanaitane aliyense, umatsegula zenera kuti mzimu utuluke. Kaya kukugwa matalala, kaya mphepo ya kunyanja ikuzula mitengo, zenera litsegulidwe. Nyumbayo itakonzedwa, mazenera atsopano anabwera ndi maloko kuti asamatseguke kupitirira chikhatho, poopa kuti wina angagwe. Dympna anapeza kakiyi kake n'kukamangirira pa korona wake m'thumba la yunifolomu. Ankati mzimu wa munthu si kalata yoti uilowetse pampata. Ndipo popeza Pamtunda pamaonekera pamsewu waukulu, aliyense wa kuno amadziwa kuti zenera lotsegula m'nyengo yozizira si la munthu amene akumva kutentha.

Pa Fesibuku anamulowetsa ndi mwana wa mchemwali wake, poganiza kuti mayi ake aang'onowo asamasungulumwe. Mwanayo anali ndi mtima wabwino, koma nzeru zinamuchepera. Poyamba zinali zithunzi za Monsinyo ali mtulo pampando ndi madandaulo a mvula. Posakhalitsa Dympna anali ndi anzake mazana asanu ndi atatu m'tauni ya anthu zikwi ziwiri, ndipo anazindikira kuti mawu amene kale ankawauza munthu mmodzi m'sitolo tsopano akhoza kuwauza onse nthawi imodzi. Tsiku la anakubala analemba kuti, "Zipinda zina lero zii. Mulungu akuona." Mabanja asanu anadziona m'mawuwo. Awiri anabweradi Lamlungu lotsatira, ndipo Dympna anati mankhwala agwira.

Kenaka kunabwera Sorcha Devaney, mkulu watsopano wa Pamtunda, namwino wa zaka makumi atatu ndi zinayi, mwana wa konkuno amene anaphunzira ku Dublin n'kubwerera ndi mawu ofatsa ndi mulu wa mapepala. Dympna anadana naye asanavule jekete. Tsiku lina masana Sorcha anasonkhanitsa antchito onse m'chipinda chodyera.

"Musajambule chilichonse muno," anatero Sorcha. "Musalembe chilichonse cha muno, ngakhale patsamba lanulanu, ngakhale muli kunyumba kwanu, ngakhale dzina simunatchule. Tauni ino ndi yaing'ono. Munthu amadziwika ndi masilipasi ake."

"Tsamba ndi langa, foni ndi yanga," anatero Dympna ali kumbuyo, manja atapinda pachifuwa. "Kapena mwagula ndi zala zathu zomwe?"

"Zala ndi zanu, a Dympna. Koma anthu amene mumawaona muno si anu."

"Si anga? Nanga ndi a ndani, ako? Agogo ako omwe aja anafera m'manja anowa iwe uli kukoleji ukuphunzira kudinda mapepala."

Antchito ena anayang'ana pansi. Sorcha anafiira makutu, anangoyendetsa pepala loti aliyense asaine kuti wamva. Dympna anasaina osawerenga n'kukankhira pepalalo kutali ndi chala chimodzi.

Munthu yekhayo amene ankatha kumuyankha Dympna osapsa anali a Packie Durkan, nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu ndi zisanu ndi zitatu, amene kale ankagula ndi kugulitsa ng'ombe m'misika. Analibe mkazi, analibe mwana. Chipinda chawo chinali pamwamba, zenera lachitatu kuchokera kumanzere. Makina ometera ndevu ankawakana, ankati amenewo ndi ometera nkhosa, choncho m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi Dympna ankawameta ndi lumo, sopo ndi madzi otentha.

"Wadya chiyani lero, Dympna?" anafunsa m'mawa wotsatira msonkhano uja. "Nkhope ngati ng'ombe yokanidwa pamsika."

"Khalani chete, a Packie. Lumo lili pakhosi panu."

"Dula. Undipulumutsa ku phala la mawa." Anadikira kuti amalize tsaya limodzi. "Akuti umalemba za ife m'kafoni kakoko."

"Sinditchula dzina la munthu."

"Inenso sindinatchule. Ndinangoti pamsika wa ku Ballinasloe pali munthu wina wa chipewa chobiriwira amene amagulitsa ng'ombe zachifuwa. Dzina osatchula. Ona." Anatsegula pakamwa n'kuloza mpata wa mano awiri.

"Amenewo anakuchotsani chifukwa cha mwano, osati chipewa."

"Ndi zomwezo, mwana iwe." Anatseka maso Dympna akuwapukuta ndi nsalu yofunda. "Usachotsedwe ntchito ine ndisanafe, wamva? Zenera langa udzatsegule ndiwe. Ana awa amangotsegula pang'ono ngati akutulutsa ntchentche. Ine mzimu wanga ndi wonenepa, ungadzakanirire."

"Ndidzalizula ndi felemu yomwe," anatero Dympna. "Tukulani chibwano."

Pansi, m'chipinda cha pakona, munkakhala Mayi Peg Gilsenan, amene kwa zaka makumi anayi ankagulitsa nsalu ndi ulusi pamsewu waukulu. Pazenera lawo pankakhala kachifanizo ka Yesu ali mwana, kovala mkanjo wofiira, kamene mutu wake unathyoka kalekale n'kumatidwa mokhota, moti kankaoneka ngati kakumvetsera miseche. Kachifanizoko kanakhala zaka zonsezo pazenera la sitolo yawo. Palibe mkazi wa ku Drumcarra amene anagulapo batani osakaona.

Mwana wawo yekhayo, Majella, anali m'kalasi imodzi ndi Dympna kwa masisitere. Majella ndiye ankakhala kutsogolo, ndiye anapita kuyunivesite, ndiye anakwatiwa ku Dublin. Ankabwera kamodzi pamwezi ndipo ankaimba foni tsiku lililonse 6 koloko madzulo. Mwamuna wake ankadwala impso, ankafunika kupita naye kuchipatala katatu pasabata. Dympna ankazidziwa zimenezi, koma sizinkamulowa m'mutu. Kwa iye foni sinali kukhalapo, ndipo Majella ankabwera ndi maluwa.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Novembala Mayi Gilsenan anadzuka akupuma mobanika. Sorcha anaimbira Majella 8 koloko kuti anyamuke. Kuchokera ku Dublin kufika kuno ndi maola atatu ngati msewu uli bwino. Dympna anakhala pambali pa bedi, akuwanyowetsa milomo ndi kathonje, akunena korona mokweza kuti azimva. Itangodutsa 10 koloko ndi mphindi makumi awiri, dzanja limene anagwiralo linalemera. Dympna anatulutsa kakiyi kake, anasuntha kachifanizo pang'ono, n'kukankha zenera lonse. Mphepo yozizira inalowa n'kutukula makatani.

Sorcha anafika, anayang'ana wotchi, analemba nthawi, kenaka anaitana onse amene anali pantchito.

"Majella ali pamsewu, ali yekha m'galimoto," anatero. "Palibe amuimbire. Nkhani yotere sitimuuza munthu ali pachiwongolero. Akafika ndimulandira ndekha pakhomo, ndimukhazika pansi, ndimuuza."

Dympna anagwedeza mutu movomereza. Lamulo limenelo silinali la Sorcha, linali lakale, ndipo iye mwini analiphunzitsa atsikana ambiri. Kuimba foni sikunamubwerere m'maganizo n'komwe.

Anawasambitsa mayiwo, anawapesa tsitsi monga ankafunira, anawakulunga korona m'zala. Atamaliza anaima pakati pa chipinda, misozi ikutsika, pakuti ankawakondadi. Zaka zinayi ankawadyetsa ndi supuni. Koma chisoni cha Dympna sichinkayenda chokha, nthawi zonse chinkabwera ndi mkwiyo kumbuyo kwake. Anayang'ana mpando wa alendo wopanda munthu, anayang'ana zenera, makatani akuuluka, kuwala kukugwera pa kamkanjo kofiira kaja. Anatulutsa foni. Anaonetsetsa kuti bedi silikuoneka, nkhope palibe, nambala ya chitseko palibe. Pansi pa chithunzicho analemba kuti, "Zenera lina latsegulidwa lero. Pitani bwino, mayi. Ena tinalipo." Anaika foni m'thumba n'kupita kukamwa tiyi, mtima uli m'malo.

Tiyi asanazizire, mkazi wa wogulitsa nyama anali atalemba pansi pake kuti, "Kachifanizo ako si ka Peg Gilsenan? Ambuye awalandire." Ena makumi awiri anatsatira ndi zithunzi za makandulo. Ndipo popeza anthu a kuno sachedwa pa maliro, ena analumpha Dympna n'kulembera Majella mwini.

Galimoto ya Majella inaima pakhomo itangodutsa 12 koloko. Sorcha anatuluka kukamuchingamira, mawu ake atawakonza kale.

"Musavutike," anatero Majella osaima. "Ndikudziwa."

Anayenda molunjika kuchipinda cha pakona, jekete ali nayo, makiyi a galimoto ali m'manja. Dympna anali atabwerera kudzaika maluwa a m'munda patebulo. Anatambasula manja kuti amukumbatire.

"Majella, anapita mwamtendere. Ndinali nawo mpaka..."

"Ndawerenga," anatero Majella. Maso ake anali pabedi. "Tuluka."

Masana omwewo Sorcha anamuitanitsa kuofesi. Foni ya Sorcha inali patebulo, chithunzi chija chikuonekera.

"Majella anaima pamalo omwetsera mafuta, kutatsala mphindi makumi anayi kuti afike," anatero Sorcha. "Anayang'ana foni n'kupeza mauthenga khumi ndi awiri omupepesa. Anatsegula umodzi n'kuona ichi. Anayendetsa yekha njira yonse yotsalayo. Mukudziwa chimene chikanachitika pamsewupo?"

"Sindinatchule dzina."

"Kachifanizoko n'kodziwika kuposa dzina."

"Palibe nkhope, palibe bedi. Ndinajambula zenera. Kapena zenera nalonso lili ndi ufulu wake m'mapepala akowo?"

"Munamva nditanena kuti palibe amuuze."

"Ndinamuuza ine? Akafunseni amene anamulembera. Kamwa za anthu a m'tauni ino ndinazipanga ndine?"

Sorcha anapuma mozama. Ankaoneka wotopa kuposa wokwiya, ndipo zimenezi zinamupsetsa mtima Dympna kwambiri.

"Chotsani chithunzicho pompano, ine ndikuona. Kuyambira lero mwaimitsidwa kaye mpaka akuluakulu akhale pansi. Ndikutsineni khutu, a Dympna, chifukwa sindikufuna kukutayani. Lembani kalata kwa Majella. Muvomere kuti munalakwa, osazungulira. Mukatero ndikhoza kukumenyerani nkhondo kuti lingokhala chenjezo."

"Ndipepese chifukwa chokhalapo?"

"Mupepese chifukwa cholengeza imfa ya mayi wa munthu mwana wake asanamve."

"Akanakhala pano sakanamvera pafoni."

Anachotsa chithunzicho, koma madzi akatayika saoleka. Anthu anali atachisunga kale m'mafoni awo, chikuyenda kuchokera nyumba ina kupita ina, ndi mawu ake aja pansi pake.

Apa ndi pamene Drumcarra anaonetsa mano. Anthu amene kwa zaka zambiri ankaweramitsa mutu Dympna akawayang'ana anapeza tsiku lawo, ndipo sanalitaye. Ena mwa iwo ndi omwe aja anaika makandulo pansi pa chithunzicho, koma manyazi kuno sakhalitsa. M'sitolo mayi wina anaphimba dengu lake ndi mpango n'kunena mokweza kuti, "Samalani, atijambula." Pakhomo la bala amuna awiri osuta fodya anamuona akubwera, mmodzi n'kuitanira m'kati kuti, "Tsekani mazenera, anyamata, akudutsa." Mwana wa bambo uja amene ankafunsa ngati adakali moyo anamuimitsa papositi.

"Bambo anga akadzamwalira, Dympna, udzandiimbire kaye, eti? Kapena ndizingoyang'ana pafoni?"

"Ukadzayang'ana pafoni udzakhala wawaona kawiri chaka chimenecho," anayankha Dympna.

Lilime linali likadali lakuthwa, koma atafika kunyumba anataya mkaka wa Monsinyo pansi. Ankachita mantha. Sanauze munthu, ndipo analibe woti amuuze.

Lachinayi madzulo thupi la Mayi Gilsenan linagonekedwa kunyumba yachisoni ya pamsewu waukulu kuti anthu adzapepese. Mzere unatuluka pakhomo mpaka kukafika pa sitolo ya mankhwala, mvula ikuwaza. Dympna anavala jasi lake lakuda n'kuima nawo. Sanaphonyepo maliro a munthu wa Pamtunda ndipo sankafuna kuti wina anene kuti wabisala. Amene anali patsogolo pake ndi pambuyo pake anasiya mpata ngati ali ndi chimfine. Mzere unayenda pang'onopang'ono, aliyense kudzilemba chizindikiro cha mtanda pabokosi, kugwira chanza achibale mmodzimmodzi, kunena mawu omwewo amene timanena tonse.

Atafika pa Majella anatambasula dzanja. "Pepa ndi zovutazi."

Manja a Majella anakhalabe pamiyendo. Ngakhale amene ankanamizira kupemphera anasiya.

"Ndinali pamzere wolipira," anatero Majella, osakweza mawu. "Ndinali nditatenga timaswiti ta minti timene ankakonda tija. Ndinkati mwina sangathe kudya, koma ndiwaika kamodzi palilime. Ndinkakonza zoti ndikawauze. Ndikanakhala ndi mayi mphindi zina makumi anayi, Dympna, ngakhale m'mutu mwanga mokha. Unandilanda."

"Majella, ine sindinatchule..."

"Ena tinalipo." Anawanena pang'onopang'ono. "Amenewo unalembera ndani? Mayi anga samawerenga Fesibuku."

Dympna anangoima pomwepo. Dzanja lake linali lidakali m'malere. Mwamuna wa Majella, wowonda, wotuwa ndi matenda, analigwira mwachangu n'kulisiya kuti mzere uyende. Dympna anatulukira khomo lakumbuyo n'kuyenda m'mvula osatsegula ambulera.

Munthu wina akanalemba kalata ija tsiku lomwelo. Dympna anakhala nayo masabata atatu. Ankadziwa tsopano kuti mawu awiri omaliza aja analembera ndani, ndipo kudziwako n'kumene kunkamulepheretsa. Kuvomera za chithunzi kunali kosavuta. Kuvomera kuti anatenga imfa ya mayi amene ankawakonda n'kuisandutsa mwala wogendera mnzake wa kusukulu, zimenezo dzanja linkakana. Mayi wa kubungwe la antchito anabwera kawiri kudzamuchonderera. Pomaliza Dympna anapita kumsonkhano wa akuluakulu ndi mizere itatu, yoyamba ndi mawu akuti, "Ngati pali wina amene anakhumudwa."

Akuluakuluwo anali atatu, awiri ochokera kutali amene sankamudziwa. Anawerenga kalatayo, anawerenga pepala limene anasaina osawerenga lija, anawerenganso za tsiku la anakubala ndi zina zisanu ndi chimodzi zonga zomwezo zimene wina wakhama anawasonkhanitsira. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Anamufunsa ngati akuona kuti analakwa.

"Ndasambitsa anthu a tauni ino inu musanabadwe," anatero Dympna.

"Limenelo si funso lathu, mayi Culhane," anayankha mmodzi.

Anamuchotsa ntchito kutatsala sabata imodzi kuti ifike Khirisimasi. Anabweza yunifolomu, baji ndi makiyi a kabati. Sorcha anamuperekeza mpaka pakhomo, n'kutambasula dzanja.

"Kakiyi ka mazenera kaja."

Dympna anakamasula pa korona, zala zikukanika mfundo, n'kukaponya patebulo la pakhomo m'malo moika m'dzanjamo.

"A Packie akukufunsani tsiku lililonse," anatero Sorcha. "Akukana kumetedwa ndi wina. Palibe akukuletsani kubwera. Alendo amalowa kuyambira 2 koloko mpaka 5. Mungolemba dzina m'bukumo."

Dympna anayang'ana buku la alendo lili chitsegulire patebulo, cholembera chomangidwa ndi chingwe, pambali pake mtsuko woikamo maluwa amene alendo abweretsa.

"Ine? M'buku limenelo?"

"Ndi dzina chabe, a Dympna."

"Udzalembemo lako," anatero, n'kutsika phiri osacheuka.

Sanafune kuwataya a Packie, zimenezo ndikhoza kulumbira. Pa Khirisimasi anagula malumo atsopano ndi sopo wometera wa fungo limene ankalikonda, n'kuziika patebulo la kukhitchini. Tsiku lililonse 2 koloko ikamayandikira ankaziyang'ana. Kenaka ankaganiza za atsikana aja akumuona akuwerama pabukulo, za Sorcha akumufunsa ngati akufuna tiyi, za mpando wa alendo. Ankati apita mawa. Tsiku lina anavala jasi n'kufika theka la phiri, anaona galimoto ya Sorcha pakhomo n'kubwerera. Fesibuku anaitseka yekha, osati chifukwa cholapa, koma chifukwa anatopa kuwerenga zimene anthu ankamulembera. Masiku ake anatalika. Ankadzukabe 6 koloko, kuvala, kukhala pampando, Monsinyo akumuyang'ana modabwa kuti bwanji sakuchoka.

Masabata asanu anatha choncho. Lolemba lina kumapeto kwa Januwale kunacha ndi chisanu choopsa, msewu ukuterera, udzu utayera. Dympna anapita kukagula buledi ndi mkaka. Anali atatsimikiza kuti lero ndi lero, malumo aja anali kale m'thumba la jasi. Pobwerera anaima pamphambano kudikira lole kuti idutse, ndipo monga mwa chizolowezi cha zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, anakweza maso kuyang'ana Pamtunda.

Mazenera onse anali otseka, kupatula limodzi. Anawerenga kuchokera kumanzere, pamwamba. Loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anawerenganso, milomo ikugwedezeka, ngati kuti nyumbayo ingakhale itasintha usiku. Linali lachitatu.

Anatulutsa foni. Munalibe uthenga, munalibe amene anaimba. Akanamuimbira chifukwa chiyani? Sanali wachibale, sanali wantchito, ndipo m'buku la alendo dzina lake munalibe. Panalibe womukhazika pansi, panalibe womuuza kuti anapita mwamtendere kapena kuti anapita ndi ndevu za miyezi iwiri. Lole inadutsa, galimoto ina inaima kumupatsa mpata kuti awoloke, woyendetsayo anadikira, anamukodola, kenaka anatopa n'kupitirira. Dympna anaima pomwepo, buledi ali m'khwapa, akuyang'ana kumtunda.

Zeneralo linali lotsegula pang'ono chabe, mpata wa chikhatho, ngati akutulutsa ntchentche.